Makalata Awiri Amene Ndinabweza

Ntchito yanga ndi yolemba anthu m'kaundula. Ndimagwira m'chipatala china chachikulu pakati pa mzinda wa Toronto, m'kachipinda kopanda zenera, ndipo munthu aliyense amene madokotala amutsegula pachifuwa kuti amukonze mtima amadutsa m'manja mwanga ngakhale sindimuona nkhope. Ndimalemba zaka zake, chimene anamuchita ndi tsiku limene anatuluka. Pakapita nthawi ndimamuimbira foni kufunsa ngati ali bwino komanso ngati sanagonekedwenso. Akapanda kupezeka pafoni ndi pakalata pomwe, pali kabokosi kamene ndimachonga pakompyuta, kotanthauza kuti munthuyu sanapezeke. Kwa zaka zambiri ndinkachonga kabokosi kameneka kwinaku ndikumwa tiyi.

Kaundulayu ndinkamunyadira. Mabwana akamakangana pamisonkhano kuti kodi odwala mtima onse m'dziko muno amalembedwa kapena ena amatayika panjira, ine ndinkangoti mumtima, otayikawo ndi osasamala, amasamuka osauza munthu. Pakamwa pangapa sipachedwa kuweruza, amene amandidziwa angakuuzeni.

Ndimakhala ku Etobicoke, pafupi ndi bwalo la ndege, moti ndege zikamatera makapu amachita kugundana m'kabati. Kuyandikana ndi bwaloku ndi kumene kunandisandutsa positi ofesi. Mmalawi akatsika ndege amayamba wagona kwa ine, ndipo mawa lake akapita kubanki, kukatenga khadi la chipatala kapena kukafunsira ntchito, adiresi imene amalemba ndi yanga. Ndi mmene timachitira ife kuno. Munthu asamuka kanayi, kasanu, koma pamapepala amakhalabe m'nyumba yoyamba ija, poti amati amayi aja sasuntha. Pansi pa masitepe ndinali ndi katoni yodzaza makalata a anthu, ena oti sindinawaone zaka zisanu.

Msuweni wanga, mwana wa azakhali anga a ku Ntcheu, anafika chimodzimodzi. Ndi wamkulu kwa ine ndi zaka zitatu, wamtali, wokonda kuseka. Chisuweni chathu chinali chija chenicheni chakumudzi. Akalowa pakhomo ankati, "Akazi anga, mwandiphikira chiyani?" Ine ndinkayankha kuti mwamuna wanji wobwera ndi chikwama chimodzi. Anapeza ntchito ku Hamilton, mzinda wina wapafupi, m'nyumba yosungiramo katundu, ndipo anasamukira komweko, koma makalata ake ankabwerabe kwa ine.

Patapita zaka ziwiri anayamba kupuma mobanika akakwera masitepe, mapazi nkumatupa. Madokotala anati valavu, kachitseko ka mumtima kamene kamatsegula ndi kutseka njira ya magazi, kanaonongeka kale ali mwana. Anati amuikira kachitsulo. Opaleshoni inachitikira ku Hamilton, osati kuchipatala chathu. Mmawa wa tsikulo, atamuveka kale kamwinjiro ka odwala, anandigwira dzanja.

"Asuweni, amayi asamve," anatero. "Lumbirani."

Ndinalumbira. Palibe chachilendo pamenepo. Matenda a kuno sitiuza a kumudzi, timangoti ndi chimfine, chifukwa kumudzi akamva kuti munthu amung'amba pachifuwa amayamba kulira maliro munthu akadali moyo. Azakhali anali ataika kale ana awiri m'manda, ndipo wamwamuna wotsala anali yekhayu.

Atatuluka m'chipatala ndinamutenga, nakhala miyezi itatu m'chipinda changa chapansi. Ndinkamusambitsa, kumuveka malaya, kumuyendetsa pang'onopang'ono mpaka pakona ndi kubwerera. M'nyumba mukakhala zii, kachitsulo kaja kankamveka m'chifuwa mwake, the, the, the, ngati wotchi. Ndinkamuseka kuti tsopano sadzachedwanso kutchalitchi poti wotchi ili mkati. Iye ankaseka atakumbatira pilo kuti bala lisapweteke.

Zinasokonekera atachira. Munthu wa kachitsulo amayenera kumwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi tsiku ndi tsiku moyo wake wonse, ndi kumakayezetsa magazi pafupipafupi. Msuweni wanga atangomva mphamvu anabwerera kuntchito nthawi isanakwane, ndipo zoyezetsazo anayamba kudumphitsa. Lamulungu lina titachoka kutchalitchi, m'nyumba muli alendo asanu ndi mmodzi, ndinapeza kabokosi kake ka mankhwala kali ndi mapiritsi a masiku anayi osamwedwa. Ndikanamuitanira pambali. M'malo mwake ndinalowa nako pabalaza, nkukaponya patebulo pakati pa makapu a tiyi.

"Ndakusambitsani ndi manja angawa ngati khanda," ndinatero, anthu onse akumva. "Ndakutayirani mkodzo ine. Ngati mukufuna kufa, kaferani kwina, osati m'nyumba mwanga muno."

Bambo wamkulu, pamaso pa azimayi a kutchalitchi. Anangotola kabokosi kaja, nkutsika pansi. Patatha sabata ndinabwera kuchokera kuntchito nkupeza chipinda chasesedwa, zofunda zapindidwa, kiyi ali patebulo. Anachoka osatsanzika. Nambala yake ya foni inasiya kugwira. Kenako ndinamva m'makwalala kuti ali ku Alberta, dera la kutali kumadzulo, akuyendetsa malole.

Kusatsanzikako kunandiwawa kuposa chilichonse. Miyezi itatu yonse ija, munthu nkuchoka ngati wakuba. Loweruka lina ndinakoka katoni ija pansi pa masitepe, ndinatenga cholembera chakuda, ndipo pa envelopu iliyonse ndinalemba liwu limodzi la Chingerezi lotanthauza kuti mwini wake anasamuka. Ndinakazithira zonse m'bokosi la positi la pakona. Ndinalengeza kutchalitchi kuti nyumba yanga si positi ofesi, amene ali ndi makalata akonze adiresi yake. Foni ya m'nyumba, imene inkangolira kufunsa anthu amene sindikhala nawo, ndinadulitsa.

Panapita chaka ndi miyezi. Kenako inabwera kalata ya dzina lake, yochokera kuchipatala cha ku Hamilton. Ndinaigwira, ndinaona chizindikiro cha chipatala, ndinalemba liwu langa lija nkuibweza. Patatha milungu ingapo inabwera yachiwiri, iyi ili ndi mzera wofiira m'mphepete. Sindinganame kuti sindinauone mzerawo. Ine amene ndimadziwa maenvelopu a chipatala kuposa munthu aliyense, ndinaima pakhomo ndi jekete langa la chisanu nkunena mumtima kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, akafuna chipatala achipeza yekha. Nayonso ndinaibweza.

Lolemba lina bwana wathu, mayi wa imvi wolankhula motsitsa, anabwera m'kachipinda kanga atanyamula bokosi. Anandiuza kuti kampani ina yopanga mavalavu achitsulo inadziwitsa zipatala kuti ena mwa mavalavu a mtundu winawake akumagwira, osatseguka bwino, ndipo odwala onse amene anawaikira mtundu umenewo ayenera kubwera kudzaunikidwa msanga. Ofesi ina inali itatumiza kale makalata kawiri. M'bokosimo munali amene anabwerera, ndipo ntchito yanga inali yosaka eni ake.

Ndinatsegula bokosilo. Maenvelopu a mzera wofiira m'mphepete, ndipo pa iliyonse dzanja la munthu wina linalemba liwu lomwe lija. Ena analemba ndi pensulo, ena ndi cholembera chabuluu, wina anachita kudula mzera pansi pake kawiri, mokwiya, monga ndinachitira ine. Ndinapita kuchimbudzi nkukhala pansi penipeni, pamatailosi, mpaka wina anagogoda.

Ndinaimbira chipatala cha ku Hamilton tsiku lomwelo. Namwino amene anayankha anali waulemu, koma anati lamulo silimulola kundiuza za wodwala. Lamulolo ndimalidziwa, ndimaliwerengera anthu ena sabata iliyonse. Ndinamupempha, ndinamuuza kuti ndine amene ndinadwazika wodwalayo. Kenako anati ndikamuona msuweni wanga ndimuuze awaimbire, ndipo lero ndi bwino kuposa mawa. Sanafunikire kuwonjezera china.

Nditabwerera pampando ndinayang'ana kompyuta. Kaundula wa dera lathu lonse anali pamaso pangapa. Ndinalemba zilembo zitatu zoyambirira za dzina la msuweni wanga, ndikudziwa kuti kusuzumira m'mbiri ya wachibale ndi mlandu wochotsetsa ntchito. Kenako ndinazifufuta, osati chifukwa cha mantha. Ndinangozindikira chimene ndikanapezamo. Kaundula akanandiuza kuti munthuyo amakhala kwa ine ku Etobicoke, ndipo akanandipatsa nambala ya foni imene ndinadulitsa ndekha.

Ndinafunsa bwana uja ngati pali njira yopezera munthu amene anasamukira ku Alberta. Anapukusa mutu. Anati dera lililonse lili ndi kaundula wake, ndipo zikamakasonkhanitsidwa za dziko lonse mayina amakhala atachotsedwa, pamatsala manambala okha. Munthu wathu akalowa m'chipatala cha kumeneko, palibe amene angadziwe kuti kuno kuli kalata ikumusaka. Anandiyang'ana nkufunsa ngati ndili bwino. Ndinati ndi mutu chabe.

Masiku asanu ndi anayi otsatira ndinawamva m'mafupa. Ndinaimbira aliyense amene anagonapo m'nyumba mwanga, anthu omwe aja ndinabweza makalata awo, ndipo ena anandiyankha mozizira monga ndinayenera. Mayi wina wa ku Chipata amene timapemphera naye ali ndi mkamwini ku Alberta. Anandigwira paphewa nkunditsimikizira m'Chinyanja chakwawo kuti timupeza, nati, "Osadandaula mayi, tizamufindinga chabe, Alberta si kumwamba." Mkamwiniyo anafunsa anzake. Wina anati anamuona mumzinda wa Calgary chaka chatha, wina anati ali ku Edmonton, wina anati anapita kumpoto kokumba mafuta kumene foni sizigwira. Pagulu lathu la pafoni ndinalemba kuti amene ali ndi nambala ya msuweni wanga andithandize, koma chifukwa chake sindikanatha kulemba, poti nkhani ikalowa pagulupo imafika ku Ntcheu dzuwa lisanalowe. Anthu anangoganiza kuti ndi mkangano wathu uja, ndipo palibe amene anafuna kulowerera.

M'sitima ya pansi pa nthaka ndinkangoyang'ana zifuwa za amuna. Foni ikalira mtima unkathawa, ndimvekere uthenga wa maliro wafika. Loweruka masana ndili ndekha kukhitchini, wotchi ya pakhoma inayamba kundilowa m'makutu, the, the, the. Ndinakwera pampando nkuichotsa batire. Itasiya, bata lake linandiopsa kuposa phokoso, ndipo ndinabwezeramo batire. Ndinkapemphera mapemphero opanda mutu, ongoti Mulungu musandilange kudzera mwa iye.

Panali munthu mmodzi yekha amene ndinkadziwa kuti nambala ali nayo, ndipo ndinkamuzemba dala. Msuweni wanga sadumphitsa Lamulungu osaimbira mayi ake. Tsiku lakhumi, mmawa ndisanapite kuntchito, kumudzi kuli masana, ndinaimbira azakhali.

Tinapatsana moni wonse, wa m'nyumba, wa mvula, wa chimanga, wa miyendo yawo. Kenako ndinanama. Ndinati kuno kuli ukwati ndipo ndikufuna kumuitana.

"Nambalayo ndili nayo, ndinailembetsa m'buku la nyimbo," anatero azakhali. "Koma mwini wake anati ndisapatse munthu, makamaka iwe. Munalakwirana chiyani?"

Ndinati ndi zachisuweni chabe.

"Mwana wa achimwene, ine ndakulera. Mawu akowo si a ukwati. Ndiuze, wamwalira?"

"Sanamwalire, azakhali."

"Nanga?"

Ndinakumbukira lumbiro lija. Ndinaganiza za magazi awo othamanga, za manda awiri aja kuseri kwa tchalitchi. Ndinaganizanso za bokosi la maenvelopu patebulo langa. Ndinawauza zonse: opaleshoni, kachitsulo, makalata, ndi zoti akufunika kuchipatala msanga. Mbali inayo ndinkangomva nkhuku ndi wailesi ya anthu oyandikana nawo.

"Ndiye chimfine chija," anatero pomaliza. "Chimfine cha miyezi itatu. Mwana wanga kumung'amba pachifuwa, ine ndikupalira m'munda osadziwa kanthu. Nonse awiri munandiyesa mwana."

Ndinapepesa. Ndinamva akutsegula masamba a buku, ndipo anayamba kundiwerengera nambala imodziimodzi, mawu osagwedezeka, nkundiuza kuti ndibwereze kawiri.

Ndinaimba, osayankha. Ndinaimbanso ndili m'basi, ndili m'sitima, ndili pakhomo la chipatala. Anandiimbira yekha nthawi ya nkhomaliro, ndili pamsewu pakati pa anthu ndi phokoso la magalimoto. Mayi ake anali atamuimbira kale.

"Mwawauza amayi," anatero. Panalibe moni, panalibe akazi anga. Koma chimene ndinamva ine si ukaliwo. Pakati pa mawu awiri okhawo anaima kuti apume.

"Kwiyani, muli ndi chifukwa," ndinatero. "Koma tulutsani kakhadi kaja anakupatsani kuchipatala, kali m'chikwama chanu cha m'thumba. Ndiwerengereni dzina la valavu."

Anazengereza, kenako anawerenga. Unali mtundu womwe uja. Ndinamufunsa kuti kupuma koteroko anayamba liti, ndipo anati pali miyezi iwiri, ankangoti ndi kuzizira kwa kumeneko. Miyezi iwiri. Ndi nthawi yomwe kalata yoyamba inafika pakhomo panga.

Ndikanatha kukhala chete, sakanadziwa. Koma ndinali nditatopa ndi kubisa.

"Asuweni, chipatala chinakulemberani kawiri. Makalatawo anafika kwa ine. Ndinawabweza."

"Munawabweza."

"Eya."

Ndinamumva akupuma, kupuma kwa munthu wokwera phiri pomwe wangokhala m'lole. Kenako foni inaduka.

Kuchipatala anapita, osati chifukwa cha ine koma chifukwa mayi ake anamuuza kuti sadya kanthu mpaka amve kuti wafika m'manja mwa dokotala. Pasanathe sabata anamutsegulanso pachifuwa, kumeneko ku Alberta, popanda wachibale womudikirira panja. Madokotala anati mtima unali utatopa kale, ndipo za malole aiwale. Sindinafunse munthu kuti miyezi iwiri ija ikanasintha chiyani. Ntchito yanga inandiphunzitsa yankho kalekale.

Zonsezi ndinkazimva kudzera kwa azakhali. Iye foni zanga sankayankha, ndipo mauthenga anga ankawerenga osabweza. Azakhali ndiwo anayamba kundiimbira Lamulungu lililonse akatha kulankhula naye. Sankachulutsa mawu, poti nawonso anali asanandikhululukire. Ankangoti wadya, wayenda mpaka pamsewu, mankhwala akumwa. Mayi woti sukulu analekera folomu isanayambe, ali ku Ntcheu, ndiye ankadziwa kumene kuli wodwala amene makompyuta athu onse anamutaya. Bokosi la maenvelopu lija ndinalisaka ngati wamisala. Ndinkaimbira matchalitchi, mashopu, eni nyumba, mpaka bwana anandiuza kuti ndikupitirira malire a ntchito. Ena ndinawapeza. Ena ndinachonga kabokosi kaja, ndipo tiyi sindinkamwanso pochonga.

Lamulungu lapitali azakhali anaimba mochedwa. Anati mwana wawo sanaimbe, ndipo ndi Lamulungu lachiwiri. Nambala ija ikungolira osayankhidwa. Anandifunsa ngati ndikuwabisiranso kanthu, ndipo ndinalumbira kuti ayi, koma lumbiro langa analidziwa kale mtengo wake.

Dzulo masana foni yanga inalira ndili pantchito, nambala ya ku Alberta. Ndinaiyang'ana ikulira katatu ndisanaigwire. Anali mayi wa mawu aulemu, otopa pang'ono. Anati akuimba kuchokera ku kaundula wa odwala mtima wa kumeneko, akutsatira wodwala amene anachitidwa opaleshoni miyezi ingapo yapitayo. Foni yake sikuyankhidwa, kalata imene anatumiza yabwerera, ndipo wodwalayo analemba dzina langa ngati wachibale woti aziimbira.

Ndinafunsa mayiyo kuti wodwalayo analemba liti dzina langalo. Ndinamva akugogoda pakompyuta. Anati tsiku la opaleshoni, mmawa. Apo nkuti patapita masiku anayi chindidulireni foni.

Kenako anayamba mafunso ake, ndipo ndinkawadziwa onse asanawamalize, chifukwa ndi omwe ali papepala lomatidwa pakhoma langa. Kodi mukudziwa kumene akukhala tsopano. Kodi wagonekedwanso m'chipatala. Kodi, pepani kufunsa, akadali moyo.

Ndinati sindikudziwa. Katatu konse ndinati sindikudziwa, misozi ikugwera pamapepala a anthu ena. Mayiyo anathokoza, ndipo ndinadziwa pamene chala chake chinali kupita.

"Chonde musachonge," ndinatero. "Ntchito yanuyo ndi yanganso, kabokosi kameneko ndikukadziwa. Musalembe kuti sanapezeke. Ndikubwera ndidzamusake ndekha."

Anati fayilo angathe kuisiya yotsegula mpaka Lachisanu.

Ndinatseka kompyuta nkupita kwa bwana kukapempha tchuthi. Adiresi ya msuweni wanga mayi wa ku Alberta uja sakanandipatsa, ndipo ndili ndi dzina la mzinda lokha, nambala ya mkamwini wa mayi wa ku Chipata uja, ndi chithunzi chimodzi chimene tinajambulitsa atakumbatira pilo. Azakhali ndawauza zoona, ndipo ati ndikamupeza ndiike foni pachifuwa pake amve okha. Ndikulemba izi ndili pabwalo la ndege, pomwe ndinamulandirira atanyamula chikwama chimodzi. Lero ndi Lachitatu.